Magetsi athima, firiji yafunda: mkaka uja timwe kapena titaye?

Funso ili silikutha, limabwera chaka ndi chaka makamaka Okutobala ndi Novembala dzuwa likamaswa mtengo. Magetsi athima m'mawa anthu mutapita ku ntchito, abwera madzulo, mufiriji muli paketi ya mkaka yotsegula kale, chambiko cha ana, ka yogati, mwina ndi ka tchizi kamene munagula pa malipiro. Pena si magetsi ayi, mayunitsi anatha usiku inu muli mtulo, kapena mwana wathira mkaka mu tiyi n'kuusiya patebulo pomwepo mpaka masana. Nde chimene timachita tonse ndi chimodzi, kutsegula, kununkhiza, kulawa pang'ono, kenako "aaa ulibwino uwu, tingomwa". Ndikumvetsa, mmene zinthu zadulilamu kutaya lita ya mkaka kumawawa mumtima, ndipo sindikuuzani kuti muzitaya chilichonse ayi, zina zimapulumuka bwinobwino. Koma mphuno si imene ikuyenera kuweruza mlandu umenewu.

Yambani ndi kuwerenga maola

Tizilombo timene timadwalitsa munthu timaswana mwachangu chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60. Pansi pa 5 timachita ulesi, pamwamba pa 60 timayamba kufa. Ndiye m'nyumba zathu zamalata masana kumakhala madigiri angati? Penipeni pamene tizilomboti timakonda. Zinthu zikatiyendera bwino tizilomboti timatha kuwirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse, kutanthauza kuti pa maola awiri kamodzi kasanduka 64, pa maola 6 tadutsa 260,000, kuchokera pa kamodzi kokha. Ndipo mkaka uli ndi zonse zimene timafuna, madzi, shuga, mafuta, zomanga thupi.

N'chifukwa chake a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati chakudya chosachedwa kuonongeka chisakhale panja kupitirira maola awiri. Aku America amaonjezera kuti kukatentha kupitirira madigiri 32, likhale ola limodzi basi. Inu a ku Nsanje, Chikwawa, Salima, Mangochi, Karonga, lanu ndi la ola limodzilo pafupifupi nyengo yonse yotentha, ku Shire Valley kuja kumafika mpaka 40 n'kupitirira. A ku Dedza kapena Mzuzu mu Juni muli ndi mpata pang'ono koma musanamizike kuti kuzizira kwa Juni ndi firiji, madigiri 15 si madigiri 5.

Chinthu china chimene anthu amaphonya, maolawa amaphatikizana. Mkaka unakhala ola limodzi mu minibasi kuchokera ku tauni, wakhala theka la ola patebulo pa tiyi wam'mawa, mawa lakenso chimodzimodzi, zonsezo zikuwerengedwa. Kuubwezera mufiriji sikufufuta zimene zachitika kale, kumangoimitsa kaye.

Nanga bwanji ndikuti mphuno isaweruze? Chifukwa tizilombo timene timasasitsa mkaka ndi kuununkhitsa ndi tina, timene timatsegula m'mimba ndi tinanso. Salmonella, E. coli, Listeria, Staphylococcus, amenewa akhoza kukhalamo okwanira kukugonetsani mkaka ukuoneka woyera bwinobwino, fungo labwino, kukoma kwake komweko. Mphuno imagwira ntchito mbali imodzi yokha: ikati waonongeka, waonongekadi tayani. Ikati ulibwino, sinanene chilichonse.

Ngati vuto ndi magetsi

Firiji imene simukutsegula imasunga kuzizira pafupifupi maola 4. Dipu firiza yodzadza imafika maola 48, yatheka maola 24. Mawu ofunika pamenepo ndi akuti simukutsegula. Kunyumba zambiri magetsi akathima m'pamene aliyense amafuna madzi ozizira, ana kutsegula mphindi iliyonse, inunso kutsegula kuti muone ngati zinthu zikadali zozizira, nde maola 4 aja sakwana. Amene munali muno 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mukukumbuka, mafiriji anasanduka makabati osungira mbale.

Ndiye kawerengedwe kake ndi aka. Magetsi athima 8 koloko m'mawa, abwera 11 kapena 12, firiji sinatsegulidwe, musadandaule zonse zilibwino. Athima 6 m'mawa abwera 6 madzulo, pamenepo chotsani maola 4 a firiji aja, atsala 8 amene mkaka unali ukufunda pang'onopang'ono, mkaka wotsegula umenewo ine sindingapatse mwana. Ngati simukudziwa kuti anathima nthawi yanji funsani aneba, kapena gwirani paketi magetsi asanabwere kapena atangobwera kumene. Ikakhala yozizira zenizeni mpaka kumva m'manja, bola. Ikakhala ngati madzi a mu ndowa, yakhalitsa. Koma mukafika magetsi atabwera kalekale firiji yaziziritsanso zonse, kugwira sikukuuzani kanthu, ndipo apa m'pamene ambiri amagwa.

Pali kanjira kakale kothandiza pamenepa. Ikani kapu ya madzi mufiriza aume gwa, kenako ikani ndalama yachitsulo pamwamba pa ayeziyo n'kuisiya momwemo. Mukabwera kuchokera ku ulendo kapena ku ntchito n'kupeza ndalama ili pamwamba, sizinasungunuke zonse. Mukaipeza pansi pa kapu ayezi ali pamwamba pake, dziwani kuti zonse zinasungunuka n'kuumanso inu kulibe. Sikakuuzani maola enieni koma kamakuchenjezani.

Za mufiriza lamulo lake ndi losavuta, chinthu chikadali ndi timiyala ta ayezi mkati mutha kuumitsanso. Chasungunuka chonse n'kufunda, chiwerengereni maola ngati china chilichonse.

Mkaka wa m'paketi uli mitundu iwiri, musausokoneze

Pali uja timati fresh, umene mumaupeza mufiriji mushopu. Umenewu anautenthetsa pa madigiri 72 kwa masekondi 15 chabe, zokwanira kupha tizilombo toyambitsa matenda koma osati tonse. Umafuna firiji kuyambira ku fakitale mpaka m'kapu mwanu, wotsegula kapena wosatsegula. Ukakhala panja kupitirira maola awiri aja, kapena limodzi kukatentha, wapita, olo paketi ikhale yomata.

Ndiye pali long life, pa paketi amalemba UHT. Uwu anautenthetsa pa madigiri 135 kapena kupitirira kwa masekondi ochepa n'kuutsekera mu paketi yopanda tizilombo, n'chifukwa chake umakhala pa shelefu mugolosale miyezi osaonongeka. Ngati simunatsegule, magetsi athime sabata yonse palibe vuto, olo unali mufiriji n'kufunda, ulibwino. Ongoonetsetsa deti, ndi kuti paketi sinatupe kapena kubooka. Koma mukangodula pakona paja basi, ulong life wathera pomwepo, wasanduka mkaka wamba. Ambiri amaganiza kuti poti unali pa shelefu mushopu ndiye ukhozanso kukhala pa shelefu kunyumba utatsegulidwa, ayi ndithu. Mufiriji, ndipo muumalize m'masiku ochepa amene alemba pa paketipo.

Kwa amene mulibe firiji kapena magetsi a kwanu ndi osadalirika, nzeru ndi kugula timapaketi ting'onoting'ono ta long life toti mutsegule n'kumaliza nthawi yomweyo. Pa lita imaoneka yodula koma kuposa kugula lita yonse n'kutaya theka.

"Wasasa, ndiye wasanduka chambiko"

Apa ndiima kaye chifukwa ndi bodza limene lafala kwambiri, ndipo limamveka ngati nzeru. Munthu amati makolo athu analibe firiji, ankasiya mkaka mu chipanda n'kugwirana, n'kudyera nsima, sanafe, nde mkaka wanga wa paketiwu wasasa ndingoudya ngati chambiko.

Chambiko ndi mkaka umene wagwidwa ndi tizilombo tabwino, timene timadya shuga wa mumkaka n'kutulutsa asidi. Asidi ameneyo ndi amene amaugwiranitsa, kuupatsa kuwawasa kuja, ndipo ndi yemweyo amene amalepheretsa tizilombo tambiri toipa kuswana. Chipanda cha agogo chinali kale ndi tizilombo tabwinoti tokhalira m'mbali mwake, nde mkaka watsopano ukalowa ndi tomweto timayambirira kugwira ntchito. Ku fakitale amachita kuthiramo dala.

Mkaka wa paketi tizilombo tabwinoti tinafa pouphika paja. Zimene zatsala ndi zija zolimba zosafa ndi moto pang'ono, kuphatikiza zimene zalowa kuchokera m'manja, pa lumo kapena mano amene munadulira paketi, ntchentche, mpweya. Zimenezi sizipanga chambiko, zimaoletsa. N'chifukwa chake mkaka wa paketi ukaonongeka nthawi zambiri umawawa ngati mankhwala, kununkha zachilendo, pena kuchita nanda, madzi achikasu pamwamba. Chambiko chenicheni chimawawasa mokoma, chimagwirana mosalala. Winayu wavunda basi.

Koma nkhani yabwino ndi yakuti mutha kupanga chambiko dala, ndipo iyi ndi njira imene ine ndimaiona yanzeru kuposa zonse magetsi akathima muli ndi mkaka wambiri. Chofunika ndi kuchita mkaka ukadali bwino, osati madzulo utakhala kale tsiku lonse. Wiritsani, usiyeni uzizire mpaka ufike poti ndi wofunda chabe, dontho pa mkono osakuotchani, thiranimo masupuni awiri kapena atatu a chambiko chabwino kapena yogati wopanda shuga pa lita, takasani, vindikirani mu chiwiya chotsuka ndi madzi otentha, siyani pamalo pofunda. Kukatentha pofika mawa m'mawa chagwira. Mwawapatsa malo tizilombo tabwino toipa tisanafike. Chikapanda kugwira pakatha tsiku lathunthu, kapena fungo likhale losakhala bwino, tayani, china chake chalakwika.

Mkaka wogula kwa alimi

Amene muli kufupi ndi Thyolo, Bvumbwe, Mulanje, Chiradzulu kapena madera ena oweta ng'ombe zamkaka mumaupeza wotchipa m'mabotolo ndi m'zigubu, ndipo ndi wokoma, wamafuta ake. Alimi a m'magulu amathamangira nawo ku malo awo osonkhanitsira kumene kuli thanki yoziziritsa, chifukwa akudziwa kuti mkaka wongokama kumene suchedwa. Umene wafika kwa inu pa njinga sunalowe mu thanki imeneyo, nde funsani kuti anakama nthawi yanji. Wam'mawa ukamagulitsidwa 3 koloko masana padzuwa, ganizani kawiri.

Kayezedwe kake kachidule, tengani pang'ono pa supuni yaikulu kapena mu kapoto, ikani pamoto. Ukachita zibulubulu n'kulekana ndi madzi, unayamba kale kusasa, musagule kapena musavutike kuuwiritsa wonsewo. Ukawira osadukaduka, wiritsani wonse nthawi yomweyo osadikira madzulo.

Ndipo wosawiritsa musamwe, olo ng'ombeyo ndi yanu mumaidziwa dzina. Mu mkaka wauwisi mumadutsa TB ya ng'ombe, komanso brucellosis, matenda amene amabweretsa kutentha thupi kobwerabwera, thukuta usiku, kuphwanya m'thupi, munthu n'kumangoganiza malungo koma akayezetsa osapezeka. Chambiko chopangira kunyumbanso yambani mwawiritsa mkakawo, kusasa pakokha sikupha zonse.

Nanga ndikangouwiritsa?

Ili ndi funso lachiwiri limene limabwera nthawi zonse. Yankho lake ndi lakuti kuwiritsa kumathandiza mukachita msanga, sikuukitsa mkaka umene wapita kale. Magetsi athima, mwaona kuti sabwera msanga, mkaka ukadali wozizira kapena sunathe maola awiri panja, wiritsani, vindikirani, mwagula nthawi. Koma dziwani kuti ukangozizira kufika pofunda wotchi yayambanso kuwerenga, makamaka mukamaviikamo kapu kapena supuni, ndiye muugwiritse ntchito tsiku lomwelo.

Vuto ndi mkaka umene wakhala maola 6, 8, usiku wonse pofunda. Tizilombo tina monga Staphylococcus aureus, kamene kamakhala pakhungu, m'mphuno, pa zilonda za m'manja ngakhalenso m'bere la ng'ombe yodwala, tikaswana timasiya poizoni mu chakudya. Moto umapha kachilomboko koma poizoni wake sapsa, amatsala momwemo. Bacillus cereus nayenso ali ndi khalidwe lomwelo. Nde munthu amawiritsa mpaka kusefukira, kumwa ndi mtima wonse, pakatha maola awiri atatu wayamba kusanza, n'kumadabwa kuti koma ndinawiritsatu.

Chimodzimodzi zoti tiphikire mandasi kapena chigumu. Mkaka umene wangoyamba kuwawasa pang'ono uli mufiriji yogwira ntchito, deti itangodutsa, ameneyo ndi bwino, ndi soda umafufumitsa bwino zedi. Koma umene watandala padzuwa, kuuika mu ufa sikuchotsa poizoni uja, mwangomugawira banja lonse.

Tiyi wamkaka mu fulasiki naye muzimuonetsetsa. Akadali wotentha woti n'kupsa naye pakamwa alibwino, koma fulasiki zambiri zotchipazi pofika masana tiyi ndi wofunda chabe, ndipo wakhala choncho maola angati simukudziwa. Bola kuika tiyi wopanda mkaka mu fulasiki, mkaka muzithira pomwa. Phala lothira mkaka, kasitadi, keke ya kirimu yotsala pa phwando, zonsezo muziziwerengera ngati mkaka.

Chambiko ndi yogati zogula

Izi zimapirira kuposa fresh chifukwa cha asidi uja. Malangizo a akatswiri amaziika gulu limodzi ndi mkaka, maola awiri basi, ndipo kwa mwana wamng'ono, mayi woyembekezera, agogo, kapena munthu amene chitetezo chake chatsika, tsatirani zimenezo osaonjezera. Kwa munthu wamkulu wathanzi, paketi yosatsegula imene yakhala mufiriji yothima kwa theka la tsiku ndipo ikadali yozizirira, ine ndimaona kuti ngozi yake ndi yochepa, imangowawasa kwambiri, koma idyedwe tsiku lomwelo osaibwezera kuti idikire sabata. Awa ndi maganizo anga, mwini mimba ndinu.

Zoti mutaye osaganizanso: paketi yatupa ngati ikufuna kuphulika, chivindikiro cha yogati chafufuma, potsegula pamveka kuti psii, pa lilime ikuchita ngati muli gasi, pamwamba pali nkhungu yobiriwira, yakuda kapena yapinki. Nkhungu pa zinthu zofewa simuchotsa pamwamba n'kudya zapansi, mizu yake imalowa mkati mosaoneka. Timadzi pang'ono pamwamba pa yogati si vuto, n'chibadwa chake, takasani. Yogati wa zipatso ndi shuga amaonongeka msanga kuposa wopanda kanthu. Ndipo amene munadyako ndi supuni yochokera mkamwa n'kusiya patebulo, ameneyo musasunge.

Pogula m'magolosale a m'makwalala muzigwira kaye paketi. Ena amathimitsa firiji usiku kuti asunge mayunitsi, ena magetsi anawathimira ngati inu nomwe. Deti ya pa paketi imagwira ntchito pokhapokha chinthucho chakhala chozizira nthawi yonse.

Zimene simukuyenera kutaya

Majarini wambiri amene timapaka pa buledi ndi mafuta a zomera, ena amagulitsidwa pa shelefu osati mufiriji, magetsi kuthima sizimukhudza, amangofewa. Batala weniweni wothira mchere amatha tsiku limodzi awiri panja atavindikiridwa, akaonongeka amanunkha, mumadziwa. Tchizi cholimba monga cheddar ndi gouda chili ndi madzi ochepa ndi mchere wambiri, chimatuluka thukuta la mafuta koma chilibwino, ndipo chikachita nkhungu pakona dulani mozungulira masentimita awiri ndi theka n'kudya chotsalacho. Tchizi chofewa chopaka, cream cheese ndi zinzake, ndi kirimu, zimenezo ndi gulu la mkaka.

Mkaka waufa ukadali wouma suopa kutentha, umaopa chinyezi, tsekani chitini bwino ndipo supuni yonyowa isalowemo. Mukausungunula ndi madzi wasanduka mkaka wamba, maola awiri. Condensed wotsekemera uja shuga wake amamuteteza ndithu, nyerere ndi zimene zingakuvuteni. Evaporated wosatsekemera mukatsegula chitini alibe chitetezo chimenecho.

Ayisikilimu akafewa chabe akadali wozizira bwezerani. Akasungunuka kukhala madzi n'kufunda, tayani, kumuumitsanso sikupha kanthu, kuzizira kumangogoneka tizilombo. Amene mumapanga mafirizesi a mkaka ogulitsa kusukulu, chonde apa musamaumitsenso zosungunuka, amene akudya ndi ana a eni.

Za makanda, apa palibe kukambirana

Mkaka wa m'chitini wa ana, ufa wake si woti mulibiretu tizilombo ayi. N'chifukwa chake a WHO amati muusungunule ndi madzi owiritsa amene akadali otentha madigiri 70 kapena kupitirira, kutanthauza kuti musawasiye kupitirira theka la ola mutaphula, kenako muziziritse botolo kapena kapuyo m'madzi ozizira musanampatse. Mukakonza, pasathe maola awiri. Mwana akayamba kumwa n'kusiya, wotsalawo pakatha ola tayani, malovu alowamo kale. Mufiriji yogwira bwino wosakhudzidwa umatha maola 24, koma ngati magetsi ndi othimathima musakonzeretu wambiri, konzani wa nthawi imodzi imodzi. Zokonza botolo 9 koloko usiku kuti mumpatse 3 koloko m'bandakucha lili pambali pa bedi, siyani. Sungani madzi otentha mu fulasiki, ufa pambali, musakanize akadzuka.

Amayi amene mumafinya wa m'mawere kusiyira olera mwana mukamapita ku ntchito, uwu umapirirako, maola 4 pamalo posapitirira madigiri 25, mufiriji mpaka masiku 4. Koma m'nyumba yamalata mu Okutobala simuli 25, ndiye chepetsani, kapena muusiye mu kula bokosi ndi botolo la ayezi.

Oyembekezera, Listeria ndi kachilombo kovuta chifukwa kamaswana olo mufiriji momwe, pang'onopang'ono, ndipo mayi akhoza kungomva ngati chimfine koma n'kupita padera. Mkaka wosawiritsa ndi zokayikitsa zonse zisiyeni miyezi imeneyi.

Kuti mawa zisabwerezenso

Dzadzani mabotolo a madzi muumitse mufiriza nthawi imene magetsi alipo, osadzadza mpaka pakamwa chifukwa ayezi amatupa. Akathima, tsegulani kamodzi kokha, tsitsani mabotolo awiri atatu muwaike pambali pa mkaka, kapena tengani mkaka ndi mabotolowo muike mu kula bokosi. Izi zokha zimaonjezera maola ambiri. Madzi akumwa a ana atulutsirenitu mu jagi kuti asakhale ndi chifukwa chotsegulira.

Mkaka usamakhale pa chitseko cha firiji olo pali malo ake okongola, ndi pamene pamafunda kwambiri. Uikeni mkati chakumbuyo. Mkaka umathekanso kuumitsa mufiriza, ukasungunuka umaoneka wolekana koma mukakhutchumula ndi womwewo, nde mutha kuugawa m'timabotolo n'kumatulutsa kamodzi kamodzi. Pothira tiyi thirani mu kajagi kochepa, paketi ibwerere mufiriji nthawi yomweyo osati izidikira aliyense amalize kudya.

Ngati mkaka ukumaonongeka msanga magetsi alipo, vuto ndi firijiyo. Onani labala wa pachitseko, tsekerani pepala pachitseko n'kulikoka, likatuluka mosavuta labala watha. Onani ngati yadzadza kwambiri moti mpweya sukuyenda, ngati kumbuyo kwagundana ndi khoma, ngati ayezi waunjikana mufiriza, kapena wina anapotokola kanambala kosinthira kuzizira kaja. Ka thermometer ka mufiriji, koyezera kuzizira, kakapezeka gulani, kazionetsa 5 kapena kutsika.

Opanda firiji, mtsuko kapena kukulunga botolo ndi nsalu yonyowa n'kuika pamthunzi podutsa mphepo zimatsitsako kutentha, makamaka nyengo youma, koma sizifika pa 5. Zimathandiza mkaka wowiritsa kuti ufike madzulo, osati mawa kapena mkuja.

Ngati mwamwa kale

Musayambe mantha, nthawi zambiri palibe chimene chimachitika, kapena m'mimba mumangopotokola n'kusiya. Za poizoni zija zimayamba msanga, pakati pa theka la ola ndi maola 8, kusanza kwambiri, ndipo kawirikawiri zimatha pa tsiku limodzi. Za Salmonella ndi anzake zimachedwa, mwina mawa kapena mkuja, kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi. Choopsa pa zonsezi ndi kutha madzi m'thupi. Sungunulani paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, muzimwa pang'onopang'ono olo mukusanza, wotsala pakatha maola 24 konzani wina. Thanzi palibe, lita ya madzi aukhondo, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Mwana apitirize kuyamwa, ndipo kuchipatala amapereka zinc wa masiku 10 mpaka 14. Zothamangira kugula Flagyl kapena Bactrim pa okala musachite, poizoni samva mankhwala amenewo.

Pitani kuchipatala osadikira kuche ngati m'chimbudzi muli magazi, ngati munthu akusanza chilichonse osasunga olo madzi, thupi latentha kwambiri, sakukodza, maso alowa, mwana wafooka kapena liwombo lalowa, ngati wodwalayo ndi khanda, woyembekezera kapena wokalamba, kapena pakatha masiku atatu osasintha. Ndipo chimbudzi chikakhala chamadzi okhaokha oyererako ngati otsukira mpunga, musatayenso nthawi kuimba mlandu mkaka, ikhoza kukhala kolera, nyamukani nthawi yomweyo akumwa Thanzi m'njira.